Malamulo a mphamvu za dzuwa afike kaye pa mbaula yanga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe sikutha pa wailesi masiku ano, yakuti dziko lisiye makala ndi nkhuni, ndipo pakhale malamulo otikakamiza kugwiritsa ntchito mphamvu za dzuwa, za madzi ndi zina zosatha. Ine ndimaphika nsima, mpunga ndi nsomba pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 14 pa ntchitoyi. Odya pamalo panga ndi madalaivala a minibasi, anyamata a kabaza ndi amayi a geni ya usipa ochokera ku Senga Bay. Nkhanizi amazikambira pa benchi yanga akudikira chakudya, choncho zomwe ndilembe pano ndazimva ndi makutu angawa.

Anthu a ku Salima sadana ndi dzuwa ayi. Tingadane nalo bwanji pamene mwezi wa Okutobala limatiwotcha mpaka kumapazi? Pamene kampani ya JCM Power inamanga malo opangira magetsi a dzuwa kuno, a mamegawati 60, omwe Dr Lazarus Chakwera anatsegulira mu Novembala 2021, tinanyadira kuti boma lathu latchukako ndi chinthu china kuwonjezera pa nyanja ndi mango. Patangopita miyezi iwiri, mu Januwale 2022, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a madzi a Kapichira ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. Apa ngakhale amene ankati mapanelo ndi zoseweretsa za azungu anatseka pakamwa. Aliyense anaona yekha kuti kudalira mtsinje wa Shire wokha, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kuika chimanga chonse m'nkhokwe imodzi pafupi ndi moto.

Koma kunyadira n'kwina, kuvomereza lamulo n'kwinanso. Bambo wina woyendetsa lole anandiuza tsiku lina akusamba m'manja kuti: "Mayi, mapanelo ndawaona, ndi ambiri ngati munda wa thonje. Koma kwathu mwana akuwerengabe ndi tochi." Ndinayesa kumufotokozera monga ndinamvera ine, kuti magetsi opangidwa kumeneko amagulitsidwa ku ESCOM n'kulowa mu nthambo za dziko lonse, ndipo kukokera nthambo m'midzi ndi ntchito ina yomwe imadutsira ku MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi. Anagwedeza mutu. Zoona zake anazimva, koma mtima sunakhutire, ndipo ine sindimuimba mlandu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munthu amene polo sinafike m'mudzi mwake ukamuuza za mamegawati, ukumuuza za fodya wapachala.

Tsono ndibwere pa makala, poti apa ndi pamene lamulo limandikhudza ine tsiku ndi tsiku. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wowotcha makala amayenera kukhala ndi chiphaso. Cholinga chake ndimachimvetsa bwino kwambiri. Ndinakulira kufupi ndi nkhalango ya Thuma, ndipo ndikukumbukira tili ana tikutola masuku ndi kuzula bowa m'malo omwe pambuyo pake munatsala zitsa zokhazokha. Mayi anga akanauka lero sakanapazindikira. Mitsinje yomwe inkayenda chaka chonse ikumaphwa msanga, mvula ikagwa madzi amabwera ndi ukali, kukokolola minda. Izi sindinachite kuuzidwa ndi bungwe.

Komabe m'mawa uliwonse ndimakoleza mbaula zitatu za makala. Nditani? Nyemba zimafuna moto wa maola angapo. Nditayesa kuphikira pa hotipuleti, mayunitsi anatha ngati madzi a m'dengu, ndipo tsiku lina magetsi anathima nsima ili pakati, anthu ali pa mzere. Gasi ndinamuyesanso miyezi ingapo. Ndi waukhondo, mapoto sada, maso sawawa, ndinamukonda ndithu. Koma ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kudzazitsa silinda kunandikulira. Makala ungagule a kapepala kamodzi, kuphika, kugulitsa, n'kukagulanso ena madzulo. Gasi amafuna ndalama yonse nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo amene sanachitepo geni ya pamanja sangakumvetse msanga.

Chomwe chimapweteka anthu kwambiri, Akonzi, n'kuona mmene lamulo limagwirira. Mwana wa achimwene anga analandidwa njinga pamodzi ndi matumba awiri pa msewu, m'bandakucha. Analakwa, sindikukana. Koma tsiku lomwelo tinaona galimoto yodzaza ndi matumba ikulowera njira ya ku Lilongwe, ndipo amene adzaphikire makala amenewo ndi anthu okhala m'nyumba zamagetsi. Mnyamata uja mpaka lero ukamutchulira za kusamala chilengedwe amangoseka mowawidwa mtima. Tinamutaya. Lamulo likamaluma wa njinga n'kusiya wa galimoto, anthu amasiya kulitenga ngati lawo, ngakhale likhale labwino chotani.

Pali lamulo lina lomwe sindinamvepo munthu akulidandaula pa benchi yanga, ndipo ndikufuna akuluakulu aliganizire. Petulo amene timagula m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol. Ku Dwangwa, m'boma loyandikana nafe la Nkhotakota, fakitale ya ethanol inayamba kale mu 1982, kugwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Mnyamata wa njinga yamoto akathira mafuta, akutsatira lamulo la mphamvu zosatha iye osadziwa n'komwe. Salipira chindapusa, sagula chipangizo chatsopano, ndipo mwina amalume ake amadula nzimbe komweko. Katundu wolemera anasenzetsedwa makampani, osati munthu wamba. N'chifukwa chake lamulolo lakhala zaka zonsezi popanda phokoso.

Nkhani ina ndi ya chikhulupiriro. Zaka zitatu zapitazo ndinasonkhanitsa ndalama za banki m'khonde n'kugula panelo ndi batire m'sitolo ina, kuti ndiziwunikira makasitomala madzulo. Batire inafa isanathe miyezi inayi. Nditabwerera anandiuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Amayi anzanga anayi omwe ankadikira kuti aone kaye za ine sanagulenso. Taonani, batire imodzi yabodza inabweza mabanja asanu. Boma likafuna kuti tikhulupirire sola, liyambe ndi kuchotsa zinyalala zimenezi pamsika, ndipo wogulitsa azikakamizidwa kupereka chitsimikizo cholembedwa. Limeneli ndi lamulo lomwe ine ndingalivinire chimtali.

Ena amati dzuwa likalowa zonse zathera pomwepo, pamene ife ophika ntchito imakula madzulo. Funso limeneli ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu, osati kunyoza wofunsayo kuti ndi mbuli. Yankho lilipo pafupi pompa: ku Golomoti m'boma la Dedza kuli malo a mamegawati 20 okhala ndi mabatire akuluakulu osunga mphamvu. Ndi angati pa msika wathu amene anauzidwapo zimenezi m'Chichewa chomveka? Misonkhano yambiri ya nkhanizi imachitikira m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Timangoona magalimoto akudutsa pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay, kenako n'kumva pa wailesi kuti anthu afunsidwa maganizo. Ine sindinafunsidwepo, ngakhale mfumu ya kwathu.

Pempho langa kwa a unduna woona za mphamvu, a bungwe la MERA loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndi aphungu athu ndi ili. Musanawonjezere chiletso china, bweretsani cholowa m'malo pa mtengo woti mayi ngati ine n'kufikira. Gasi azigulitsidwa pang'onopang'ono molingana ndi ndalama yomwe munthu ali nayo. Makala ovomerezeka ndi mabuliketi (makala ochita kuumba kuchokera ku zotsalira monga utuchi) azipezeka pa msika wa Salima, osati m'masitolo a mumzinda mokha. Midzi yozungulira malo opangira magetsi, kuno ndi ku Nkhotakota komwe kulinso mapanelo, ikhale yoyamba kukokeredwa nthambo. Kunyumba kwanga ndinayamba kale kuphikira pa chitetezo mbaula, ndipo mtolo wa nkhuni ukukhalitsa kusiyana ndi pa mafuwa; palibe anandikakamiza, ndinangoona kwa aneba.

Ngati msonkhano wotsatira ungachitikire pa msika, tsiku la Loweruka masana, ndidzatseka malo anga n'kubwera, ndipo mwana wa achimwene uja ndidzamukoka dzanja kuti adzanene yekha za njinga yake.

Ine wanu,
Mayi wophika chakudya,
Kamuzu Road, Salima