Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zachilengedwe: Lantana Akutilanda Mapiri

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Chipata. Mukadzabweranso kuno, musadzangoona mapiri athu muli m'galimoto pa Great East Road. Mudzakwereko pang'ono. Pomwe ootcha makala anagwetsa misuku ndi miombo, pamera lantana, chitsamba chaminga chija ena amatchingira nacho pakhomo. Kwawo ndi ku America, kuno chinabwera ngati duwa. Mbalame zikadya zipatso zake zimamwaza njere paliponse, ndipo chikayanga, kamtengo kachilengedwe kapena udzu sizimeranso pansi pake. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka, khungu n'kumasupuka padzuwa. Yanga yolimira inafa choncho, ndikuona.

Lantana sagonja ndi chikwanje. Mukamutema pamwamba, mvula ikangogwa waphukanso, mochuluka kuposa kale. Amafunika kuzula ndi chitsa chomwe, kenaka kubwererako chaka ndi chaka kukachotsa timbande. Alonda a nkhalango ndi ochepa, mapiri ndi ambiri, ndiye ntchito yotere angaithe bwanji okha?

Koma kuphiriko kumapita anthu tsiku lililonse. Amayi ozula bowa amadziwa malo amene bowa analeka kumera. Anyamata oweta ng'ombe amadziwa njira zomwe zatsekeka. Opachika ming'oma ya njuchi nawo angakulozereni khwawa lililonse. Palibe amawafunsa, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa imfa ya ng'ombe ija.

Lamulo la nkhalango la 2015, ndi malamulo otsatira a 2018, amalola midzi kusamalira nkhalango ndi kupindula nayo. Ku Lochinvar, malo osungirako nyama zakutchire, anthu a m'midzi yoyandikana analembedwa ntchito yochotsa Mimosa pigra, chitsamba china chaminga chobwera, m'madambo a Kafue, ndipo madambo ena anatseguka. Kum'mawa kuno n'chiyani chingatilepheretse?

Pempho langa nali, bwana. Yambani ndi mapiri otsetserekera mu mtsinje wa Lutembwe, momwe tauni yathu imamwa madzi. Dzerani kwa mafumu ndi anyakwawa, chifukwa phiri lililonse lili ndi eni. Ozulawo azilandira kangachepe, apatsidwe magolovesi ndi mbande za misuku zobzala pomwe azulapo, ndipo mudzi wosamala phiri lake ukhale ndi ufulu wolembedwa pa bowa ndi uchi wa m'menemo. Nthawi yozula ndi Disembala, nthaka ikafewa. Makasu tili nawo kale.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Chipata