Nsanja ya Jam ikutetezedwa, koma mzinda wa Firuzkuh ukutha ndi makasu

Akonzi,

Dzina la Afghanistan likamveka m'nyuzipepala, kawirikawiri nkhani yake imakhala ya nkhondo. Tikupempha malo kuti tiuze owerenga anu za Firuzkuh, likulu la mafumu achisilamu a fuko la Ghurid, lomwe linasowa kwa zaka zoposa 700 ndipo zotsala zake zikuonongeka tsopano lino.

Mzindawu unayamba kumangidwa cha m'ma 1146 m'mapiri a Ghor, dera la pakati pa Afghanistan. Unatchuka mu ulamuliro wa Sultan Ghiyath al-Din Muhammad, kuyambira 1163 mpaka 1203, pomwe m'bale wake Mu'izz al-Din ankagonjetsa kumpoto kwa India. Ankhondo a ku Mongolia anauphwasula cha m'ma 1222, ndipo patapita mibadwo anthu akunja kwa derali sanadziwenso pomwe unali. Owerenga asasokonezeke ndi tauni ya Chaghcharan, yomwe boma linaipatsa dzina loti Firozkoh mu 2014. Malo amene akatswiri ambiri amati ndiwo mzinda wakalewo ndi Jam, makilomita pafupifupi 215 kum'mawa kwa mzinda wa Herat, m'chigwa chopanikizika pomwe mtsinje wa Jam umathira mu mtsinje wa Hari Rud.

Pamenepo pali nsanja ya njerwa zootcha yotalika mamita 65. Tsinde lake lili ndi mbali 8 ndipo m'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 9. Mkati muli masitepe awiri ozungulira opiringizana, kunja kuli Sura Maryam yonse, imodzi mwa sura za m'Korani, yolembedwa ndi njerwa zosema, komanso mzere wa matailosi obiriwira wotchula dzina la Ghiyath al-Din. Katswiri wofufuza zakale André Maricq atafika kumeneko mu 1957 ndi pomwe dziko lonse linamva za nsanjayi, ndipo mu 2002 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, n'kuwalembanso nthawi yomweyo pakati pa malo amene ali pangozi.

Nkhawa ya anthu ambiri ili pa nsanjayo, ndipo m'pomveka. Yapendekeka ndi madigiri oposa 3, ndipo yakhala pakona pomwe mitsinje iwiri ikumana. Chipale chikasungunuka m'mapiri kapena kukagwa mvula yamphamvu, madzi amatsika ndi miyala ndi matope, monga zinachitikira mu 2019. Chitetezo chomwe chinaikidwa m'mbali mwa mitsinjeyi ndi makoma ndi mabokosi a waya odzaza miyala, ngati aja timaona pa milatho ya misewu yathu. Mabokosi otere saonongeka kuyambira pamwamba ayi. Madzi amayamba kukumba mchenga pansi pa mzere woyamba, bokosilo limatsamira kumtsinje, ndiye a pamwamba amatsatira. Miyala yokokoloka imapala waya mpaka kuduka, ndipo waya akaduka pamalo amodzi miyala yonse imakhuthuka. Kuti akhalitse, mzere woyamba uyenera kukwiriridwa kupyola pomwe madzi amakumba, kutsogolo kwake kuyalidwe mabokosi aphanthiphanthi otha kupindika, kumbuyo kukhale timiyala tosefa madzi kuti dothi lisathawe, ndipo madzi akangophwa munthu aziyendera n'kusoka pomwe paduka. Ntchito yoyenderayi ndi imene imavuta kumalo akutali chotero.

Koma ife tikuti chimene chikutayika msanga ndi mzinda weniweniwo, womwe uli m'nthaka ya m'mapiri ozungulira nsanjayo. M'zaka za nkhondo anthu ofuna zinthu zakale zogulitsa anakumba maenje mazanamazana m'malo otsetserekawo. Wokumba mwakuba amafuna mbale yathunthu kapena ndalama yachitsulo, zina zonse amaponyera kumbali. Chimene amaononga ndi kusanjikizana kwa dothi. Pansi pa nyumba yakale pamakhala zigawo: pansi popondedwa, pamwamba pake phulusa la moto, kenako khoma logumuka, kenako dothi lokokoloka kuphiri. Phale lopezeka pansi pa phulusa limasonyeza kuti linalipo moto usanabuke. Phale lomwelo likapezeka pa mulu wa dothi lotayidwa silinenanso kanthu za nthawi yake, ndipo palibe ndalama imene ingabweze zimenezo.

Umboni wa kufunika kwa zigawozi ulipo. Juzjani, wolemba mbiri amene anakhalapo mu Firuzkuh n'kudzalemba buku lake ku Delhi cha m'ma 1260, ananena kuti mzikiti waukulu wa mzindawu unaonongeka ndi madzi osefukira. Kwa nthawi yaitali ena ankakana kuti Jam ndi Firuzkuh, ponena kuti chigwacho n'chochepa kwambiri ndipo mzikiti sukuoneka. Gulu la akatswiri ofukula zakale lotsogozedwa ndi David Thomas litafufuza malowa mu 2003 ndi 2005 linapeza pafupi ndi nsanjayo bwalo lalikulu loyalidwa njerwa zootcha, ndipo pamwamba pa njerwazo panali mchenga ndi matope a mtsinje. Wakuba akanayamba kuvundula pamenepo, mawu a Juzjani sakanapeza chowachitira umboni. Za kuchepa kwa chigwa, tizikumbukira kuti mafumuwa ankasamuka ndi nyengo, ndipo Firuzkuh unali mzinda wa m'chilimwe.

Dzenje la wakuba likhoza kupulumutsidwako ngati akatswiri afika msanga. Amapala khoma lake ndi kampeni ka omanga mpaka mizere ya dothi ioneke, amajambula chigawo chilichonse ndi muyeso wake, amatenga makala ndi njere zopserera kuti akayeze zaka zake, amasefa dothi lotayidwa lija kuti atole mapale ndi magalasi, kenako amakwirira. Kukwirirako n'kofunika zedi, chifukwa dzenje losiyidwa pamalo otsetsereka limasunga madzi, m'mbali mwake mumagumuka, ndipo dothi lonselo limatsikira kumene kuli nsanja. Chimodzimodzinso ku phiri la Kushkak pafupi ndi nsanjayo, komwe katswiri wa zomangamanga Andrea Bruno anapeza miyala ya pamanda a Ayuda mu 1962: mwala ukachotsedwa pa manda ake n'kugulitsidwa, zolembedwapo zimawerengekabe, koma sitidziwanso manda amene mwalawo unali pamwamba pake.

Choncho pempho lathu kwa inu, akonzi, ndi lakuti mukamalemba za Jam musamangosonyeza chithunzi cha nsanjayo. Muzifunsanso ngati pali alonda olipidwa chaka chonse, ngati maenje akale anakwiriridwa, ndiponso kuti mbale ndi ndalama zokumbidwa ku Ghor zikugulidwa ndi yani zikafika kunja kwa dzikolo.

Ndife owerenga anu,
Okonda mbiri yakale, Zomba