Chakudya chilipo m'nyumba koma ndalama palibe, ndingafike bwanji mu Epulo?

Azakhali,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa zaka zambiri. Nkhani yanga si ya chibwenzi kapena ya mwamuna woyendayenda monga zomwe mumalandira kawirikawiri. Ndi ya kukhitchini, koma ikundisowetsa tulo ndipo yayamba kutiyambanitsa m'banja.

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala m'nyumba ya lendi ku Kawale mumzinda wa Lilongwe. Ine ndimasoka zovala pakhonde. Bambo a kunyumba ankayendetsa galimoto pa bungwe lina, koma kontrakiti yawo inatha pa 31 Disembala ndipo anangowauza kuti mwina adzawaitananso mu Epulo. Ndalama zomaliza zomwe analandira tinalipira lendi ya miyezi itatu ndi fizi ya teremu yachiwiri. Kwa ife atelala, mayunifolomu akangotha kusokedwa kumayambiriro kwa Januwale, makasitomala amazimiririka. Tsiku lina ndimangopeza ya zigamba ndi zipi basi. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe kale inkadzaza basiketi lero imathera pa mafuta ophikira ndi sopo.

Chomwe tili nacho ndi chakudya. Mu Disembala, zinthu zisanasokonekere, tinasonkherana mabanja anayi n'kugula ng'ombe kwathu ku Dedza. Gawo lathu lili mufiliza: nyama, zam'kati ndi mang'ina awiri. Ndinaikamonso nkhuku zoyera zinayi, usipa wauwisi umene mnzanga anandibweretsera kuchokera ku Salima, ndi nsawawa zomwe ndinasenda ndekha. M'kabati ndi kuchipinda chosungira katundu muli thumba limodzi ndi theka la chimanga, ndowa ya ufa woyera, nyemba za kholophethe ndi nanyati zomwe ndinagula pa Lizulu chaka chatha, makilogalamu 5 a mpunga wa Kilombero, mtedza, mfutso wa nkhwani ndi chitambe wochokera kwa mayi anga, ndi timapaketi ta soya. Ndinakhala pansi ndi pensulo n'kuona kuti tikasamala, zimenezi zikhoza kutifikitsa mu Epulo, pomwe dowe ndi maungu amakhala atacha ndipo mitengo pamsika imayamba kutsika. Ndikufuna ndizingogula tomato, anyezi, mchere ndi makala basi. Kulemba papepala kunali kosavuta, koma kuchita kwake kwandikanika.

Choyamba ndi filizayo. Nyengo ya mvula ino magetsi akuzimazima kwathu kuno, ndipo sabata yatha anazima Lachiwiri madzulo n'kudzayaka Lachinayi m'mawa. Ndinaletsa ana kutsegula, ndinafunditsanso bulangete pamwamba. Mnzanga wina amene ndi namwino anandiuza kuti filiza yodzadza, ngati simukuitsegula, imasunga chakudya pafupifupi masiku awiri, koma ikakhala ya theka imangosunga tsiku limodzi. Yanga ili pakatikati. Nditatsegula ndinapeza nyama yapansi ikadali gwa ngati mwala, koma majumbo apamwamba anali atafewa, usipa utayamba kutuluka madzi, ndipo pansi panali timadzi tofiira. Fungo panalibe. Magetsi atayaka zonse zinaumanso, ndipo lero sindingathe kusiyanitsa bwino jumbo lomwe linasungunuka ndi lomwe silinasungunuke, chifukwa sindinalembepo kalikonse. Usipa ndinaukazinga tsiku lomwelo, tinadya masiku awiri. Nanga zam'kati zija? Ndikaganiza zotaya, mtima umandipweteka chifukwa ndi ndiwo za sabata yathunthu. Ndikaganiza zophika, ndimaona mwana wanga wa zaka zinayi atatsegula m'mimba, ife tilibe ngakhale ya kabaza yopitira kuchipatala.

Mayi anga pafoni akuti ndileke kudalira magetsi, nditulutse nyama yonse, ndiilenge, ndiithire mchere n'kuiwamba pamoto monga ankachitira iwo kumudzi. Nzeru imeneyi ndikuimva, ndipo ikhoza kundipulumutsanso ku mayunitsi omwe filiza ikudya. Koma kuwamba kumafuna nkhuni kapena makala ambiri, ndipo ndi chinyontho cha mvulachi ndikuopa kuti nyamayo ichita nkhungu isanaume. Komanso pa lendi pano bwalo ndi limodzi mabanja asanu. Utsi wa nyama sungaubise.

Kukabati nakonso kuli nkhondo yake. Chimanga chayamba kulowa anankafumbwe, ukayika khutu pathumba umachita kuwamva akukukuta. Kodi ndikagayitse chonse nthawi imodzi, kapena ufa ndiye uwonongeka msanga kuposa chimanga? Ndikudziwa kuti mgaiwa umachuluka ndiponso umakhutitsa kuposa ufa woyera, koma suchedwa kuwawa ukakhalitsa. Nyemba nazo zakalamba. Ndimaziviika usiku wonse koma zimatha mbaula ziwiri zisanafewe, ndiye ndimadzifunsa ngati ndikupulumutsa ndalama kapena ndikungozisamutsira kwa wogulitsa makala. Anzanga ena akuti ndizithirako soda pang'ono, ena akuti soda amapha zofunika m'thupi. Mtedza wina wachita madontho akuda ndipo ukumveka kafungo ka chuku. Ndinamva pa wailesi kuti poizoni wa chuku satha ngakhale ukazinge kapena uwiritse, ndipo amawononga chiwindi. Ndasankha woipawo n'kutaya, koma wotsalawo ndingasinjirebe phala la mwana?

Zonsezi mwina ndikanazipirira, Azakhali, chifukwa ndi nkhani za mphika. Chomwe chandipangitsa kulemba kalatayi ndi anthu.

Bambo a kunyumba sanauze abale awo kuti ntchito inatha. Akuti ndi zamanyazi, adikira kaye aone za mu Epulo. Ndiye abale akabwera amaona filiza ikulira pabalaza, amaona matumba, n'kumati kwa achimwene zinthu zili bwino. Alamu anga aakazi, omwe amakhala ku Area 23, anabwera Loweruka lapitali, anatsegula okha filiza n'kunena kuti, "Alamu, mundipatseko kankhuku kamodzi, ana akhala nthawi osalawa." Ndinawapatsa, ndinawonjezeranso mbale ziwiri za mpunga. Ndikanatani? Ndi iwowo amene anandidikirira kuchipatala pomwe ndinkachira mwana wachiwiri, ankandichapira ndi kundiphikira sabata zitatu. Si munthu wadyera, nawonso zikuwavuta. Koma atatuluka ndinalowa kuchipinda n'kulira, chifukwa nkhuku imeneyo ndinali nditaiwerengera Lamulungu awiri.

Kenaka kunabwera mphwawo wa bambo kuchokera kumudzi, akuti akufuna ganyu m'tauni. Amati mlendo ndi mame, koma lero ndi sabata yachitatu ali pano, mnyamata wamphamvu zake amene mitanda itatu samva nayo kanthu. Ndilibe naye chifukwa, ndi waulemu ndipo amatunga madzi osatumidwa. Koma pa pensulo yanga ija panali anthu asanu, osati asanu ndi mmodzi.

Nditayesa kukambirana ndi bambo usiku, anandiyankha kuti chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala, ndipo pakhomo pawo sipanamvekepo kuti mlendo wadya mfutso nyama ili m'nyumba. Anati kupatsa n'kuika, mawa ndife tidzagogode kwa anthu omwewa. Mawu amenewa inenso ndinakulira momwemo, ndipo ndimawakhulupirira. Sindikufuna kutchedwa mkazi womana amene analowetsa mwana wawo m'botolo. Koma amene amayang'ana pansi pa ndowa m'mawa uliwonse ndine. Ndikaphika nyemba masiku atatu otsatizana, bambo amangodya pang'ono n'kusamba m'manja osalankhula, ndipo ndimadziwa kuti akumva ngati ndikuwakumbutsa kuti sali pantchito. Si cholinga changa ngakhale pang'ono. Munthuyu watisamala zaka 14 osadandaula, ndipo kumuona atakhala pampando tsiku lonse akuyang'ana foni ngati iitana kumandimvetsa chisoni kwambiri.

Ana nawo sakumvetsa. Wamkulu, amene ali Fomu 2, anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani tikudya chitambe chotendera pomwe nyama ili tho mufiliza. Ndinangoti ndi ya mawa. Kodi mwana wa msinkhu umenewu ndimuuze zoona, pomwe bambo ake sakufuna kuti zimveke?

Ndayesako zingapo. Nyama ndayamba kuidula tizidutswa ting'onoting'ono n'kuphikira limodzi ndi nyemba kapena kachewere kuti fungo lokha lizikwanira. Msuzi wa mang'ina ndimaugawa pawiri. Nsima yotsala usiku sinditayanso, mkute timamwera tiyi m'mawa m'malo mwa buledi. Kuseri kwa nyumba ndadzala mpiru ndi bonongwe m'matumba a simenti. Koma zomwe ndimapulumutsa sabata yonse zimatha tsiku limodzi kukabwera alendo.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Pa zakudya zomwe ndatchulazi, ndiyambe kumaliza ziti ndipo ndisunge ziti mpaka mu Malichi? Nyama yosungunuka n'kuumanso ija ndiiphike kapena ndiitaye? Ndipo koposa zonse, ndingawauze bwanji bambo kuti tiwafotokozere alamu ndi mphwawo mmene zinthu zilili, popanda kuwachotsera ulemu pamaso pa abale awo? Ndaganizapo zopita ndekha kwa alamu anga kukawanong'oneza, poti ndi mayi mnzanga ndipo ndikudziwa kuti angamvetse, koma ndikuopa kuti bambo akadzamva adzati ndawavula pagulu. Ndaganizanso za ankhoswe, koma kodi nkhani ya nkhuku ndi nyemba ndi yoitanira ankhoswe?

Loweruka likubwerali apongozi anga aakazi akubwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi adokotala a maso, ndipo akhala nafe sabata imodzi. Nkhuku zatsala zitatu. Chonde ndiyankheni msanga ngati kungatheke.

Ine wanu,
Mayi wothedwa nzeru,
Kawale, Lilongwe