Achule a ku Irrawaddy

Achimwene,

Kalata yanu yafika Lachiwiri, mlamu wanu ndiye waibweretsa pamodzi ndi mafuta opaka pabondo aja. Zikomo, ngakhale bondolo silikudziwa kuti mafutawo achokera ku Manchester, likungopweteka monga mwa masiku onse. Jekete ija yandikulira. Mumayesa tonse tanenepa ngati inu?

Chandikhazika pansi usiku uno ndi nkhani ya mnzanu wa ku Myanmar amene mumachezera naye kusamala okalamba. Mwati mphepo ikayamba kugwedeza mazenera amasiya tiyi n'kungoti duu, ndipo mwafunsa ngati ndikukumbukira namondwe wa kwawo uja. Ndingaiwale bwanji? Chaka chimenecho ndinkagona ndi wailesi pamtsamiro mpaka mayi a kunyumba kuno anati bola ndikangoikwatira.

Dzina la namondweyo linali Nargis. Anafika pa 2 Meyi 2008 kumene mtsinje wa Irrawaddy umagawikana nthambi zambirimbiri polowa m'nyanja yamchere. Ndi dera lachidikha ngati kwa Nsanje, lolima mpunga, lopanda phiri loti munthu n'kuthawirako. Madzi a m'nyanja anakwera usiku n'kulowa m'midzi ya ku Labutta ndi Bogale anthu ali m'nyumba. Akufa ndi osowa anakwana pafupifupi 138,000, ndipo chiwerengerocho n'cha boma lomwelo. Ngati mnzanuyo kwawo n'kumeneko, musamamufunse zambiri. Muzingomuthirira tiyi wina.

Madzi ndi madzi, sasankha. Chimene chinandiwawa ine n'chimene anachita asilikali olamula dzikolo, mkulu wawo ali Than Shwe. Sitima zapamadzi za America, France ndi Britain zinaima pafupi ndi gombe zitanyamula thandizo, iwo n'kuzikaniza kukocheza. Ogwira ntchito zachifundo anakhala masiku ku Bangkok, m'dziko loyandikana nalo la Thailand, akudikira ziphaso zolowera. Anachita kunyamuka yekha Ban Ki-moon wa United Nations kukaonana ndi mkuluyo ku Naypyidaw, likulu la dzikolo, pa 23 Meyi, patatha masabata atatu, m'pamene chitseko chinayamba kutseguka. Masabata atatu munthu akumwa madzi a m'dziwe momwe muli mitembo. Chifukwa chake? Mantha. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Seputembala 2007, amonke a Chibuda anadzaza misewu ya ku Yangon mafuta atakwera mtengo, asilikali n'kuwakwapula ndi kuwombera anthu. Ndiye mlendo aliyense wonyamula thumba la mpunga ankamuona ngati kazitape.

Ndipo ali m'kati mwa maliro omwewo anachititsa riferendamu! Pa 10 Meyi, mitembo ikadali m'minda, anthu akavotere malamulo atsopano a dziko. Madera osakazika kwambiri anangowasunthira pa 24. Zotsatira akuti anthu 92 pa 100 alionse avomera, ndipo malamulowo ankapatsa asilikali mpando umodzi pa mipando inayi iliyonse m'nyumba ya malamulo popanda kuvoteredwa. Ife a riferendamu ya 1993, amene tinaima pamzere ndi mtima uli phaphapha posankha pakati pa nyali ndi tambala, tinkamva ngati akutinyoza ifeyo.

Koma zonsezi si zimene zikundisowetsa tulo. Ndi achule. Nyuzipepala ya boma lawo, New Light of Myanmar, inalemba kuti anthu a kuchidikhako sakufunika chokoleti cha azungu, atha kudzidalira, poti nyengo ya mvula nsomba ndi achule akuluakulu odyedwa amapezeka ambiri. Ndinaseka tsiku limenelo mpaka kutsamwa, kenaka ndinachita manyazi kuti ndikuseka chiyani. Tsopano kalata yanu yandidzutsira zimenezi, ndipo kuseri kwa nyumba kuno, m'dambo lija munagweramo ndi njinga ya abusa, achule ayamba msonkhano wawo. Usiku wonse! Ndikati nditseke maso ndikungowawerenga: uyu ndiwo za banja limodzi, uyu za mudzi wa mfumu yakuti. Dzulo ndinauza mayi a kunyumba kuti tisadandaulenso za mtengo wa bonya, chuma chili kudambo, tingodikira nyuzipepala itiuze. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala n'kunena kuti ndikapitiriza akagona kwa chemwali awo. Ngakhale kutchalitchi Lamulungu, a kwaya atafika pa besi, ine m'mutu munali achule okhaokha. Akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Achule a ku Irrawaddy ayenera kuti anadabwa koposa kumva kuti boma lawaika pa bajeti.

Musaseke kwambiri, chifukwa kumeneko nthabwala zinali ndi mtengo wake. Kunali katswiri wa nthabwala, Zarganar, dzinalo akuti limatanthauza kachitsulo kaja kozulira minga. Anasonkhanitsa anzake n'kumakagawa chakudya kumidzi yomwe boma silinafikeko, n'kuuzako atolankhani akunja zimene anaona. Mu Juni anamutola kunyumba kwake. Zaka 59 m'ndende, achimwene, kenaka akuti tamuchitira chifundo, zikhale 35. Anatuluka mu 2011. Aung San Suu Kyi, mayi wotsogolera otsutsa boma la asilikalilo, nayenso anamuwonjezera ukaidi wosachoka panyumba mwezi womwewo wa namondwe, ngati kuti mphepoyo anaitumiza ndi iye.

Chimene sindichimvetsa mpaka lero n'chakuti anamanganso anthu oika maliro. Dokotala wina, mwana wake wamkazi ndi ophunzira angapo anapita kukatola mitembo yomwe inkawola m'minda n'kumaiika m'manda, pobwerera n'kuwanjata. Kumanga adzukulu! Kwathu kuno ngakhale mfumu imawaopa adzukulu, akalanda nkhuku pamaliro palibe amayankhula. Inu munakhalapo mdzukulu pamaliro a malume anga, mukudziwa kulemera kwa dothi lonyowa.

Ndikamalemba izi ndikuona Chilobwe mu Malichi 2023, m'mawa uja phiri la Soche litatsika ndi namondwe Freddy. Inu munali kale kunjako, munkangoimba foni osapeza netiweki. Tinakumba ndi makasu, ena ndi manja. Madandaulo analipo, ufa wina tinkangoumva kuti wabwera koma osauona, ndipo aphunzitsi aakulu aja mpaka lero akulankhulabe za mabulangete. Koma asilikali athu anali m'matope momwemo pamodzi nafe, ndipo palibe anandigwira dzanja kuti ndani wakuloleza kufukula mwana wa mnzako. Ndikaganiza kuti wina anagona m'chitokosi pa ntchito ngati imeneyo, bondo limachita kuiwala kupweteka.

Za denga musafunse. Mmisiri uja anatenga ndalama ya malata atatu, anakhoma awiri, lachitatu akuti likubwera. Mvula ikagwa timaika beseni pakati pa bedi ndi kabati. Magetsi anazima chakumadzulo, ndikulemba ndi kandulo ya K500 yomwe ikusungunuka ngati yamva kuti ndili ndi zambiri zonena. Shuga ndasiya, osati chifukwa cha adokotala. Mwana wa mlamu wanu wakhoza mayeso a Fomu 4, mbuzi ija yaswa awiri, ndipo a mfumu anamwalira mwezi watha, ndinaiwala kukuuzani pafoni.

Mumufunse mnzanuyo, koma mosamala, ngati abale ake anapulumuka chivomerezi cha pa 28 Malichi 2025 cha ku Mandalay ndi Sagaing, chija chinapha anthu oposa 3,000. Asilikali analandanso boma pa 1 Febuluwale 2021, mkulu wawo ali Min Aung Hlaing. Ulendo uno anapempha okha thandizo lakunja, ndinati kapena aphunzira, koma ndege zawo zinapitiriza kuponya mabomba m'midzi anthu akufukulabe anzawo m'zigumula. Mumuuze kuti kuno kuli mkulu wina wa bondo lowola amene amadziwa dzina la Bogale ngakhale sanafikeko n'komwe ku Karonga.

Kandulo yatsala kachidutswa, pepalanso latha, ndikulemba m'mphepete. Achule ayambiranso, wina wa mawu aakulu ngati a mlamu wanu akamapempha ngongole. Za jekete ija, ngati kuli ina yocheperako, koma isakhale yofiira chifukwa