Galu wako amalankhula ndi mchira

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji? Ine ndili bwino. Amayi ako andiuza kuti mwatenga galu kumalo osungirako agalu osowa eni ake, koma iwe wakhumudwa chifukwa sauwa. Akuti ukamuuza kuti "Uwa! Uwa!" amangokuyang'ana ali duu, ndiye wayamba kuganiza kuti sakukufuna. Ayi mwanawe, si choncho.

Taganiza, iweyo atakutenga lero n'kukakusiya kunyumba kwa anthu oti sunawaonepo, ungayambe kuimba tsiku lomwelo? Ungakhale kaye phee pakona, maso ali mwazumwazu. Galu wakonso ndi mlendo. Fungo la nyumba ndi lachilendo, mawu anu ndi achilendo, sakudziwanso ngati mawa adzakhala pomwepo kapena adzamusamutsanso. Agalu ambiri otere amakhala chete masiku oyamba, ena mpaka milungu ingapo. Akazolowera m'pamene khalidwe lawo lenileni limaonekera, ndipo ena amadzayamba kuuwa mpaka eni ake kugwira makutu.

Komanso alipo agalu osakonda kuuwa mwachibadwa. Ku Congo kuli mtundu wina wotchedwa Basenji umene suuwa ngati agalu ena, m'malo mwake umalira kamawu kokoka ngati ukuyesa kuimba nyimbo. Ngakhale mimbulu, yomwe ndi abale ake a galu akutchire, siuwa kawirikawiri.

Tsono tamvera, pakuti chimene ndakulemberachi ndi ichi: galu amalankhula ndi thupi lonse, ndipo wako wakhala akukuuza zambiri. Yang'ana mchira wake. Akaupanira pakati pa miyendo, makutu atagonera kumbuyo, akuchita mantha. Akamayasamula pamene sakufuna kugona, kapena kunyambita mphuno yake pafupipafupi, n'kutembenuzira nkhope kumbali, akukupempha kuti utalikire pang'ono. Akamapukusa mchira mpaka chiuno chonse kumagwedera, ndiye kuti wasangalala kukuona. Koma mchira ukaima njo, n'kumagwedera pang'onopang'ono thupi litauma, usamuyandikire, uitane amayi. Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi ichi: akagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo atatambasula, matako ali m'mwamba, akuti "Tiye tisewere!" Tsiku limene adzakuchitire zimenezi udzadziwe kuti wakulandira.

Usamuthamangire. Khala pansi chapatali, thupi utalozetsa kumbali, usamuyang'anitsitse m'maso, pakuti kwa galu kuyang'anitsitsa kuli ngati kuputa ndewu. Muleke abwere yekha adzakununkhize. Mphuno yake imamva fungo kuposa yathu kutalitali, ndipo ndi imene amadziwira anthu. Akafika, umusisite pachifuwa kapena paphewa pang'ono, kenako usiye. Akasendera kwa iwe akufuna zina, akachoka wakhutira. Ndikudziwa kuti umakonda kukumbatira, inenso umandifinya khosi mpaka kubanika, koma agalu ambiri sakonda kukumbatiridwa. Zimenezo undisungire ine.

Akamadya kapena akagona, usamukhudze. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, ndipo ameneyu ndi wotopa ndi zambiri zimene wadutsamo. Ndipo akadzadzuma tsiku lina, mano atatulutsa pang'ono, usamukalipire kapena kumumenya. Kudzumako ndi chenjezo, akukuuza mwaulemu kuti zamukwana. Ingochoka mwakachetechete ukauze akuluakulu. Galu amene amalangidwa akadzuma amaphunzira kuluma osachenjeza.

Pali zina zoti uthandize amayi kuyang'anira. Ngati akuyesa kuuwa koma mawu akutuluka osasa, ngati akutsokomola, akupuma movutikira kapena wasiya kudya, apite naye kwa dokotala wa ziweto. Uonenso ngati amamva: tsiku lina ali maso atayang'ana kwina, amayi agwedeze makiyi chakumbuyo kwake, iwe uone ngati makutu ake agwedera. Kwa dokotalako akafunsenso za katemera wa chiwewe.

Ndikudzabwera kudzamuona. Usadabwe akadzandibisalira pansi pa tebulo, kwa iye ine ndi mlendo winanso. Padakali pano undijambulire chithunzi chake ndi makrayoni ako, mchira uuonetse bwino momwe akuuikira masiku ano, ndipo undilembere dzina limene mwamupatsa. Upereke moni kwa amayi ndi abambo.

Ndine,
Agogo ako