Chopereka cha Seputembala: ana odwala khansa

Abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu kuno ku Joni,

Seputembala ndi mwezi wokumbukira ana odwala khansa, ndipo chizindikiro chake ndi kaliboni kagolide. Komiti yagwirizana kuti chopereka cha mwezi uno chipite ku CHOC, bungwe lomwe lakhala likuthandiza ana otere ndi makolo awo muno mu South Africa kuyambira 1979. Ena mwa anawa amagonekedwa kuchipatala cha Baragwanath, ku Soweto konkuno.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse amachira, koma m'maiko ambiri osauka sakwana ndi 30 omwe. Chimodzi chomwe chimatipweteka ndi kuchedwa kupita kuchipatala. Kumudzi kwathu khansa ya Burkitt imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana, ife n'kuthamangira kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa. Kadontho koyera m'diso la mwana nakonso si kozengereza nako, chifukwa kangakhale chizindikiro cha khansa.

Tikumana Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, pamalo pathu pa nthawi zonse ku Rosettenville. Amayi alonjeza kugulitsa mandasi, choncho musabwere chimanjamanja. Amene mudzakhale kuntchito tsikulo, perekani kwa msungichuma pofika Lachisanu.