Omvera sanathawe onse, wina anangosintha muyeso

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene munalemba yoti mawayilesi oimba nyimbo za anthu akuda ku America akutha mphamvu chifukwa omvera akuwathawa. Ndinaiwerenga pafoni ndili m'galimoto panja pa chipatala, ndikudikira agogo ena amene ndinawaperekeza kukaonana ndi dokotala, ndipo ndinapukusa mutu ndekhandekha. Sikuti wolembayo ananama ayi. Manambala anatsikadi. Chimene sanafunse n'chakuti omverawo anawawerenga ndani, ndipo anawawerenga ndi chiyani.

Ndakhala kuno ku New York zaka zoposa makumi awiri, ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto yonyamula odwala ndi okalamba. Munthu wa ntchito ngati yangayi mnzake ndi wayilesi. Nditangofika ndinali ndi mabatani awiri okha amene chala changa chinkawadziwa: 98.7, pamene panali Kiss FM, ndi 107.5, pamene pali WBLS. Mawayilesi otere kuno amawatcha kuti urban. Dzinali linatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi muulutsi Frankie Crocker wa pa WBLS pomwepo, ndipo linkathandiza kuti otsatsa malonda asachite manyazi kuika ndalama zawo pa wayilesi ya anthu akuda. Mkati mwa sabata ndi nyimbo za R&B, soul ndi hip hop, Lamulungu m'mawa za uzimu, ndipo pakatipakati owulutsa amacheza ndi anthu za lendi, za apolisi, za maliro a munthu wodziwika m'dera, za tsiku lovota.

Kale kampani ya Arbitron inkawerenga omvera ndi kabuku. Ankasankha nyumba, n'kutumiza timabuku m'envelopu, aliyense wa zaka 12 kupita m'tsogolo kake. Kabukuko kankayamba Lachinayi n'kutha Lachitatu, ndipo munthu umayenera kulemba wayilesi imene ukumvera, nthawi imene wayamba, ndi imene waleka. Ineyo kanandipezapo kamodzi, ndipo apa ndiulule tchimo langa. Masiku awiri oyamba ndinalemba mokhulupirika. Kenako kabuku kanagwera kuseri kwa mpando wa galimoto, ndinakatola Lachitatu usiku kali ndi dontho la khofi pachikuto. Ndinakhala patebulo ndi cholembera n'kudzaza masiku asanu nthawi imodzi. Lolemba: 6 koloko mpaka 10 koloko, Kiss FM. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkangokoka mzere kuchoka pamwamba kufika pansi. Zoona zake n'zakuti m'maola anayi amenewo ndinkatsika kangapo kukakweza odwala, ndinkazimitsa wayilesi agogo akafuna kugona, ndinkasintha siteshoni malonda akachuluka. Koma mumtima mwanga ndinali womvera Kiss FM, ndipo ndi zimene dzanja linalemba. Kabuku kankayeza chikondi ndi zimene munthu akukumbukira, osati khutu.

Ndiye musaganize kuti ndikulira kabuku. Kankakometsa. Mawayilesi amene anthu ake amawakonda ngati mpingo wawo ndiwo ankapindula nako kwambiri, ndipo a urban anali patsogolo pa zimenezo. Omvera awo sanali ochuluka kuposa a ena, koma ankalemba maola ambirimbiri.

Kenako kunabwera kachipangizo kotchedwa Portable People Meter, mwachidule PPM. Kanayamba kugwira ntchito ku Philadelphia ndi ku Houston mu 2007, kuno ku New York mu 2008. Kukula kwake ngati kafoni kakang'ono kakale, kokoleka palamba. Wayilesi iliyonse imabisa kachizindikiro m'mawu ake kamene khutu la munthu silimva, ndipo kachipangizoko kakamva kachizindikiroko kamalemba kuti mwini wake akumvera wayilesi yakutiyakuti. Mkati mwake muli kena kozindikira ngati munthu akuyenda nako, kuti usakasiye patebulo tsiku lonse, ndipo wamkulu amayenera kukhala nako maola osachepera 8 kuti tsiku lake liwerengedwe. Palibe kulemba, palibe kukumbukira. Kungomva choncho munthu ungati basi, chilungamo chafika.

Manambala oyamba atatuluka, kunali kulira. Pafupifupi wayilesi iliyonse inapezeka kuti imamveka kwa anthu ambiri kuposa mmene kabuku kankanenera, koma kwa nthawi yochepa. Amene chuma chawo chinali maola ataliatali a omvera okhulupirika, ndiwo a urban ndi a Chisipanishi, anagwa pamndandanda. Amene amaimba nyimbo zoziziritsa zosakhumudwitsa aliyense anakwera.

Chifukwa chake ndinachiona ndi maso. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anakhala nako kachipangizoko miyezi ingapo (sankayenera kuuza anthu, koma chinthu chokoleka pachikwama chibisika bwanji kwaya ikuyeserera?). Mayiyu amagwira ntchito yolandira anthu pa ofesi ya dokotala wa mano. Kudenga kwa ofesiyo kuli sipika imene imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo siteshoni yake anasankha ndi abwana. Iye ngakhale dzina la siteshoniyo sankalidziwa. Koma kachipangizo kankamva, n'kumalembera siteshoniyo maola asanu ndi atatu tsiku lililonse. Akaweruka ankakwera basi atavala mahedifoni, kumvera muulutsi wake wapamtima, kachipangizo kali m'chikwama, sikakumva kanthu. Panali kachingwe kolumikizira mahedifoni kuti kazimva nawo, koma ndani ali ndi nthawi yolimbana ndi zingwe basi ikunyamuka? Kunyumba ankaponya chikwama kuchipinda, iye n'kukaphika kukhitchini wayilesi ili pamwamba pa filiji. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kabuku kankawerengera wayilesi imene munthu amaikonda ngakhale pamene sanaimvere, kachipangizo kakuwerengera imene yangomudutsa m'khutu ngakhale sanaisankhe.

Vuto lina, limene kwa ine ndilo lalikulu, linali la anthu amene ankapatsidwa kachipangizoko. Mumzinda wa anthu mamiliyoni, onyamula ndi masauzande ochepa chabe. Ukawagawa kuti akuda a zaka zakutizakuti, aamuna okha, otsala ndi ochepa moti banja limodzi lokonda siteshoni inayake likatuluka m'kafukufuku, siteshoniyo imatsika ngati kwagwa mliri. Komanso poyamba ankapeza anthuwo makamaka poimba mafoni apansi a m'nyumba. Nthawi imeneyo achinyamata ambiri akuda ndi olankhula Chisipanishi anali atasiya kale foni yapansi, ali ndi ya m'manja yokha. Ine ndemwe m'nyumba yanga munalibe foni yapansi. Ukafuna kuwerenga anthu koma ukugogoda pakhomo pokhapo pamene pali waya, uwapeza ena, ena osawapeza. Ku Houston, kumene ankafikira anthu potsata maadiresi ngakhale kugogoda pamakomo, bungwe loona za kafukufuku wotere la Media Rating Council linavomereza njirayo msanga. Kuno ku New York linakana kaye.

Si ine ndekha amene ndinaona. Mu Okutobala 2008 Andrew Cuomo, amene nthawiyo anali loya wamkulu wa boma la New York, anakasumira Arbitron kukhoti ponena kuti njira yake sinkawerenga mokwanira anthu akuda ndi a Chisipanishi, ndipo boma la New Jersey linachitanso chimodzimodzi. Mu Januwale 2009 anagwirizana kunja kwa khoti, kampaniyo n'kulonjeza kuwonjezera nyumba za foni ya m'manja yokha. Bungwe la eni mawayilesi akuda la NABOB linapitiriza kudandaula, ndipo mu Disembala chaka chomwecho nkhaniyi inakambidwa m'komiti ya nyumba ya malamulo ku Washington, wapampando wake ali Edolphus Towns wa ku Brooklyn. Zina zinakonzedwadi. Koma otsatsa malonda sadikira milandu. Iwo amagula nthawi pawayilesi poyang'ana nambala, ndipo nambala ikatsika mtengo wa malonda umatsika mwezi womwewo.

Chimene chimandiwawa kwambiri sichilembedwa m'manambala. Kachipangizo kamaonetsa mphindi ndi mphindi, kotero mabwana a mawayilesi anayamba kuona kuti muulutsi akatalikitsa nkhani, ena amasintha siteshoni. Lamulo linatsika: fupikitsa, bwerera kunyimbo. Ndinazimva ndekha ndili pachiwongolero. Muulutsi amene kale ankatha kucheza ndi mayi wolira pafoni mpaka mayiyo kuseka, tsopano ankangotchula nthawi, dzina la siteshoni, nyimbo n'kulowa. Koma anthu ngati agogo amene ndimanyamulawa nyimbo sizinali zimene ankatsegulira wayilesi. Ankafuna munthu wowadziwa. Ukachotsa kuchezako watsala ndi mndandanda wa nyimbo, ndipo mndandanda wa nyimbo foni imaupanga bwino kuposa wayilesi, popanda malonda. Ndiye pofuna kusangalatsa kachipangizo, mawayilesi anataya chinthu chokhacho chimene foni inalibe.

Panabukanso nkhani yoseketsa koma yomvetsa chisoni. Kachizindikiro kaja kamabisala bwino m'nyimbo zaphokoso kusiyana ndi m'mawu a munthu amene akulankhula mopumira. Cha mu 2015 mawayilesi ambiri anagula bokosi lotchedwa Voltair, ntchito yake kukweza kachizindikiroko kuti kachipangizo kazikamva bwino, ndipo ena amene analigula anati manambala awo akwera. Womvera sanawonjezereke ngakhale mmodzi. Nthawiyo Arbitron inali itagulidwa kale ndi Nielsen, kampani inanso ya kafukufuku wotere, mu 2013, pamtengo wa madola pafupifupi 1.3 biliyoni, ndipo Nielsen inakonzanso kabisidwe ka chizindikirocho chaka chomwecho cha 2015.

Sindikukana kuti ena anachokadi. Mwana wanga wamkazi sadziwa n'komwe kuti batani la FM lili pati. Nyimbo zake zili pa Spotify ndi YouTube, nkhani amamvera ma podcast. Kutsika kwa zaka zaposachedwapa kwambiri ndi kwenikweni, ndipo kwakhudza mawayilesi a mtundu uliwonse. Ngakhale dzina loti urban likutha. Mu 2020 okonza mphoto za Grammy analichotsa pa gawo lina la mphoto zawo. Koma kugwa kwadzidzidzi kwa 2007 ndi 2008 sikunali kwa Spotify, imene inafika ku America mu 2011. Anthu sanagone ali omvera n'kudzuka atasiya.

Umboni wina ndi wa posachedwapa. Kwa zaka zambiri, kuti wayilesi iwerengeredwe kotala ya ola, munthu ankayenera kuimvera mphindi zisanu mkati mwa kotalayo. Kuyambira Januwale 2025, m'mizinda ya kachipangizo, Nielsen inatsitsa kufika pa mphindi zitatu. Manambala anakwera. Kodi tilembe kuti anthu a ku America abwerera kuwayilesi? Choncho, Akonzi, mtolankhani wanu akadzalembanso za kukwera kapena kutsika kwa omvera, adzatiuzeko kuti anawerengedwa ndi anthu angati, anawapeza bwanji, ndipo muyeso wa chaka chino ndi womwewo wa chaka chatha kapena ayi.

Kiss FM inayamba mu 1981, inatseka kumapeto kwa Epulo 2012. Eni ake, kampani ya Emmis, anabwereketsa 98.7 kwa ESPN, youlutsa za masewera, ndipo iwo eni anatchula kusintha kwa kawerengedwe ka omvera ngati chimodzi mwa zimene zinawafooketsa. Owulutsa ena anasamukira ku WBLS, amene anali opikisana nawo kwa zaka makumi atatu, ena ntchito inathera pomwepo. Lolemba la pa 30 Epulo m'mawa ndinanyamula agogo ena a ku Harlem amene ndinkawaperekeza kosefa magazi katatu pa sabata. Nditawamanga lamba, ndinadina batani loyamba monga mwa masiku onse, ndipo m'galimoto munadzaza mawu a azibambo awiri akukangana za masewera. Agogowo anandiyang'ana pagalasi n'kundifunsa kuti ndaiononga bwanji wayilesi yawo. Ndinadina batani lachiwiri, tinanyamuka.

Wowerenga wanu,
ku Bronx, New York